Kodi GM angasinthe malamulo mpaka pati? Tikusewera D&D ndi madayisi a ludo

Chiko_KU

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayendetsa masewero a pa tebulo. Kuno ku Kasungu boma tili ndi gulu la anthu asanu, osewera anayi, GM (woyendetsa masewero) ndine. Timasewera Dungeons & Dragons, malamulo a 2014, pogwiritsa ntchito mabuku a malamulo a Basic Rules ndi SRD aja amapezeka ulere pa intaneti. Atengambali onse, anthu a m'nkhani amene osewera amawayendetsa, ali pa level 5: fighter wa Champion, rogue, wizard ndi cleric. Timakumana Lamlungu masana, maola atatu basi.

Mavuto ake ndi awa. d20, dayisi ya mbali 20, tilibe, ndiye timaponya madayisi atatu a ludo n'kuphatikiza manambala, poti avereji yake ndi imodzimodzi. Koma mwini fighter akudandaula kuti critical hit, kumenya kumene kumavulaza mdani mowirikiza, sakuiona n'komwe. Wina akufuna tikhazikitse lamulo loti ukaponya nambala yotsikitsitsa chida chizigwa m'manja, ukaponya yapamwamba kwambiri chilichonse chimene wanena chizitheka. Ndiye pali zimene timakanganirana: wizard akufuna kuponya Fireball pa chigafa cha fodya chimene achifwamba abisalamo, cleric akuti alenga madzi m'mapapo mwa mdani ndi Create or Destroy Water. Komanso nkhondo iliyonse wizard akumaimaliza yekha, enawo n'kumangoonerera. Kodi ufulu wa GM umalekeza pati, ndipo angasinthe bwanji malamulo osaononga masewero?

Mwale wa ku Santhe

Achimwene, mwamanga zinthu zitatu pamodzi, tiyeni tizilekanitse. Pali kumasulira lamulo limene linalembedwa. Pali kugamula pamene buku lili chete. Ndiye pali kusintha lamulo lenilenilo. Ziwiri zoyambazo ndi ntchito ya GM nthawi zonse, simupempha chilolezo kwa munthu, ndipo zakhala choncho kuyambira pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerowa mu 1974. Chachitatucho n'chimene chimafuna kuwerengera kaye, kenako kugwirizana gulu lonse masewero asanayambe.

Ndiyambe ndi madayisi, chifukwa apa mwasintha kale lamulo lalikulu kuposa onse amene mukukanganiranawo. N'zoona kuti avereji ya d20 ndi 10.5 ndipo ya madayisi atatu a ludo ndi 10.5. Kufanana kwake kwathera pomwepo. Pa d20 nambala iliyonse ili ndi mwayi wofanana, 5 peresenti. Madayisi atatu amagwa m'njira 216, ndipo zambiri mwa njirazi zimaunjikana pakati: 10 imatuluka m'njira 27, 11 m'njira 27, koma 18 m'njira imodzi yokha.

Tengani mtengambali wa +5, amene amawonjezera 5 pa nambala imene waponya. Pa DC 20 (DC ndi nambala yoyenera kuifikira kuti upambane) akufunika aponye 15 kapena kuposa. Pa d20 mwayi wake ndi 30 peresenti, pa madayisi anu ndi njira 20 mwa 216, kungopitirira 9 peresenti. Pa DC 10 akufunika aponye 5: pa d20 ndi 80 peresenti, pa madayisi anu ndi 98. Ndiye kuti zophweka sizikulepherekanso, zovuta sizikutheka. Ndipo kabonasi kakang'ono kalemera mopitirira muyeso. Amene amafunika 11 akapeza +1, pa d20 wawonjezera 5 peresenti, pa madayisi atatu wachoka pa 50 kufika pa 62.5. Chishango cha +2 kapena Bless, spell ya cleric wanuyo yowonjezera bonasi, zikugwira ntchito kuwirikiza kawiri kuposa mmene olemba malamulo anawerengera.

Mwini fighter akunena zoona, musamuone ngati wokonda kudandaula. Chimene Champion amapeza pa level 3 ndi critical hit pa 19 kapena 20, manambala amene madayisi atatu sangafikeko ngakhale mutaponya mpaka kucha.

Kukonza kwake sikufuna ndalama. Tolani zitsekerero za mabotolo 20 zofanana, lembani 1 mpaka 20 kunsi kwake ndi maka, ikani m'thumba la nsalu losaonekera mkati. Wosewera atulutse chimodzi, awerenge, abwezere, mukhutchumule. Kubwezerako musakuiwale, chifukwa 20 ikatsala pa tebulo aliyense adziwa kuti m'thumba mulibenso critical. Makhadi a njuga amachitanso: A mpaka 10 akuda akhale 1 mpaka 10, A mpaka 10 ofiira akhale 11 mpaka 20. Pa advantage, pamene umaponya kawiri n'kutenga nambala yokulirapo, mukhoza kutulutsa ziwiri nthawi imodzi. Mwayi wopeza 11 kapena kuposa umakhala 76 peresenti m'malo mwa 75, kusiyana kosadetsa nkhawa. Pali mapulogalamu a pa foni oponya madayisi osafuna bando, koma foniyo izikhala pakati pa tebulo, aliyense aone.

Mukakakamira madayisi atatuwo, critical ikhale 16 mpaka 18, ya Champion 15 mpaka 18, kuphonya kosakambirana 3 mpaka 5, ndipo DC 10, 15 ndi 20 zisanduke 13, 15 ndi 18. Koma mudzafunikanso kukonza AC ya chilombo chilichonse, nambala yoyenera kuifikira kuti uchigunde. Ine ndikuti tolani zitsekerero.

Tsopano zogamula. Mkangano ukabuka, werengani mawu enieni a lamulolo mokweza kamodzi, osapitirira mphindi ziwiri. Malamulo awiri akasemphana, lonena za chinthu chapaderacho limapambana lonena za zinthu zonse, buku lomwelo limatero. Likakhala chete, funani lamulo loyandikana nalo, mubwereke manambala ake. Nenani DC ndi zimene zichitike akalephera dayisi isanaponyedwe. Kenako lembani chigamulocho m'kope, mupitirize, mukafufuze bwino masewero atatha.

Za chigafa zija theka lake linalembedwa kale. Fireball imaphulika mafiti 20 mbali zonse, kapena kuti mamita 6, imapereka damage ya 8d6 (madayisi 8 a mbali 6), ndipo mawu ake amati imayatsa zinthu zogwira moto zimene palibe amene wavala kapena kunyamula. Denga la udzu ndi fodya wouma wolendewera ziyaka, pamenepo palibe chokambirana. Chimene sichinalembedwe ndi liwiro la motowo. Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la GM, ili ndi muyeso wa ngozi zongobwera: kupsa ndi makala ndi 1d10, kugwera m'dzenje la moto ndi 2d10. Raundi imodzi ndi masekondi 6. Ndiye gamulani motere: raundi yoyamba denga layaka ndipo utsi wadzaza, kuyambira yachiwiri aliyense woyamba turn yake ali mkati aponye Dexterity saving throw (kuponya kozemba ngozi) ya DC 13, akalephera alandire 1d10, raundi yachinayi milimo ndi denga zigwe, 2d10 kwa otsalamo. Muwauziretu zimenezi wizard asanaponye. Ndipo chigafa chili ndi mwini wake. Fodya wa chaka chonse akapsa, mlimiyo akadandaula kwa nyakwawa, ndipo nkhani ya Lamlungu lotsatira mwaipeza kale.

Za madzi m'mapapo, ayi. Spell imeneyi imati madzi okwana magaloni 10, pafupifupi malita 38, alengedwe m'chotengera chotsegula. Mapapo a munthu wamoyo si ndowa. Wina akati mkamwa ndi motsegula, musalimbane naye za thupi la munthu, yang'anani level. Imeneyi ndi spell ya level 1. Power Word Kill, imene imapha pomwepo, ndi ya level 9, ndipo nayonso imangogwira amene ali ndi HP (mapointi a moyo) 100 kapena kucheperapo. Mukafuna kuthetsa nkhani msanga, mufunseni cleric ngati akuvomera kuti ansembe a adani nawonso azichita zomwezo kwa iye.

Nabanda_Mtunthama

A Mwale afotokoza bwino za madayisi, ine nditenge za 1 ndi 20 komanso za wizard wanu, achimwene.

M'malamulo a 2014, 20 ndi 1 zili ndi mphamvu yapadera pa attack roll ndi pa death saving throw (kuponya kwa amene wakomoka pa HP 0) basi. Pomenya, 20 imagunda nthawi zonse ndipo madayisi a damage amaponyedwa kawiri, koma bonasi imawerengedwa kamodzi. 1 imaphonya nthawi zonse. Pa death save, 20 imadzutsa munthu ndi HP imodzi, 1 imawerengedwa ngati kulephera kawiri. Pa ability check (kuyesa luso) palibe zoterozo. Rogue wanu akakhala ndi Expertise ndi Dexterity ya +4, pa level 5 ali ndi +10 pa luso limenelo. Ataponya 1 pa loko wa DC 10 amapeza 11, loko amatseguka, ndipo n'zoyenera, ndiwo ukatswiri wakewo.

Lamulo loti 20 izitheketsa chilichonse limabala khalidwe loipa pa tebulo: anthu amayamba kupempha zosatheka, poti kamodzi pa maulendo 20 zitheka. Wina adzati ndikauza mfumu indipatse ufumu wake. Mankhwala ake si lamulo latsopano. Dayisi imaponyedwa pokhapokha chinthu chikakhala chotheka komanso cholephereka. Chosatheka mungonena kuti ayi, kapena muponyetse kuti muone ngati mfumuyo iseke kapena ikwiye.

Za chida kugwa m'manja, werengerani kaye amene lamuloli likumulanga. Fighter wa level 5 amamenya kawiri pa turn, ndiye mwayi woti 1 ituluke ndi pafupifupi 10 peresenti. Akagwiritsa Action Surge, imene imamupatsa action ina, amamenya kanayi, mwayiwo ufika 18.5. Pa nkhondo ya maraundi asanu, kumenya ka 10, ndi 40 peresenti. Ndiye kuti msilikali akamakula luso ndi pamene azigwetsa lupanga pafupipafupi, pomwe wizard woponya Fireball saponya d20 n'komwe, oponya ndi adani ake. Mukhala mwalanga yemwe uja akudandaula kale. Ngati gulu likufunabe zoseketsa, chepetsani: zizigwira pa kumenya koyamba kokha pa turn, aponyenso kachiwiri, akaphonyanso ndiye pachitike kanthu, ndipo kanthuko kakhale kakang'ono, monga kuterereka n'kutaya theka la mayendedwe ake. Osathyola chida, osavulaza mnzake.

Tsono wizard. Ndikuganiza kuti mukatseka masewero Lamlungu, Lamlungu linalo aliyense amayamba ndi HP yodzaza ndi ma spell slot onse, amene amalipirira nawo spell. Ngati zili choncho, vuto si wizard. Pa level 5 ali ndi ma slot awiri a level 3, ndiye Fireball ziwiri, iliyonse avereji 28 kwa mdani aliyense amene walephera save. Malamulo anamangidwa poganiza kuti tsiku limodzi la m'nkhani likhala ndi nkhondo 6 mpaka 8 zapakatikati kapena zovutirapo, ndi ma short rest awiri pakati. Wizard amadzaza pa long rest ya maola 8, fighter amabwezeretsa Action Surge ndi Second Wind pa short rest ya ola limodzi. Nkhondo ikakhala imodzi pa tsiku, wizard amakhuthula zonse osasunga, fighter alibe pooneka.

Apa musasinthe lamulo lililonse poyamba. Kutha kwa masewero si long rest. Tsiku limodzi la m'nkhani likhoza kutenga masabata atatu a kuno kwathu. Potseka, aliyense alembe HP yake, ma slot otsala ndi ma Hit Dice (madayisi obwezeretsera HP) pa pepala, mapepalawo musunge ndinu. Buku limanenanso kuti long rest imapindulitsa kamodzi kokha pa maola 24. Ndipo m'nkhanimo muzikhala chowathamangitsa: achifwamba awoloka mtsinje mawa m'mawa, wogona maola 8 awapeza atapita.

Zikakanika ndiye pali njira ina yolembedwa mu Dungeon Master's Guide, imene short rest imakhala maola 8 ndipo long rest masiku 7. Imagwira bwino pa nkhani za maulendo ataliatali, koma ili ndi mtengo wake. Mage Armor, spell imene wizard amadzitetezera nayo, imakhala maola 8. Kale inkakwanira tsiku lonse ndi slot imodzi, tsopano wizard azilipira slot tsiku lililonse kwa sabata yathunthu. Mukasankha njirayi, spell zonse za maola 8 muzitalikitse mpaka long rest yotsatira, apo ayi mwachoka pomukweza kwambiri n'kufika pomupondereza.

Sikuti malamulo a pakhomo onse ndi oipa. Magulu ambiri ankalola kumwa Potion of Healing, ija ya 2d4+2, ndi bonus action m'malo mwa action yathunthu, ndipo mabuku a 2024 anatengera zomwezo. Linayenda chifukwa limathandiza aliyense mofanana ndipo siligwetsa lamulo lina.

Jere_Nkhamenya

A Mwale ndi a Nabanda, masamu anu ndi oona, sindikutsutsa. Koma mnyamatayu ali ndi maola atatu pa sabata, asawathere pa kuwerengera. Pa tebulo zida za GM ndi zochepa: DC 10, 15 kapena 20, ndiye advantage kapena disadvantage (kutenga nambala yocheperapo pa ziwirizo). Wosewera akabwera ndi nzeru yabwino, mpatseni advantage, musayambe kupanga +1 apa +2 apo. Advantage imakweza avereji ya d20 kuchoka pa 10.5 kufika pafupifupi 13.8, ndipo siunjikana: zifukwa zitatu za advantage ndi chimodzi cha disadvantage zimafafanizana, mumaponya kamodzi. Olemba anachita dala kuti mikangano ichepe.

Chachiwiri, ngati madayisi a ludo ndi amene alipo, dziwani kuti kuli masewero ena omangidwa pa madayisi awiri otero. Apocalypse World ya 2010 ndi ena otengera pamenepo amati 10 kapena kuposa wapambana, 7 mpaka 9 wapambana koma ulipirapo kanthu, 6 kutsika zinthu zakuipira. Popanda bonasi, 7 mpaka 9 imatuluka m'njira 15 mwa 36, ndiye nkhani yambiri imachitikira pakati pamenepo. Simukuyenera kusiya D&D kuti mutengeko nzeruyi. Dungeon Master's Guide imalola kuti woperewera ndi 1 kapena 2 yokha kuti afike pa DC apambane koma ndi vuto lina: loko watseguka koma chida chathyokera momwemo, wadumpha ngalande koma thumba lagwera pansi. Izi zimathandiza kwambiri pamene kulephera kungaimitse nkhani yonse.

Chimene ndikufuna nditsindike ndi kubisa madayisi. Ena amati GM ali ndi ufulu wonama nambala kuseri kwa katoni kuti apulumutse mtengambali kapena atalikitse nkhondo. Mabuku saletsa, koma ine ndimati ayi. Osewera akangozindikira kamodzi, chipambano chilichonse amachikayikira. Ngati mukufuna kufewetsa kapena kulimbitsa, chitani dayisi isanagwe. Ogre, mdani wa chimphona, analembedwa HP 59, koma pambali pake pali 7d10+21, kutanthauza kuti akhoza kukhala ndi 28 mpaka 91. Sankhani nambala nkhondo isanayambe, mulembe. Adani akhoza kuthawa theka lawo likagwa, akhoza kugwira anthu amoyo kuti akawombole. Zonsezi ndi zigamulo zoonekera, palibe chonama.

Chiko_KU

Zikomo kwambiri a Mwale, a Nabanda ndi a Jere. Zitsekerero titolera sabata ino. Funso lotsala: nanga GM akagamula pa tebulo, kenako pofufuza n'kupeza kuti buku likunena zina, abweze zimene zachitika kale? Ndipo lamulo la pakhomo likakhala kuti silikuyenda, timalichotsa bwanji wina atamangirapo kale mtengambali wake?

Nabanda_Mtunthama

Achimwene, zimene zachitika m'nkhani zisiyeni, monga mmene woyimbira mpira sabwezera chigoli mawa lake ataonera kanema. Lembani pa gulu lanu la WhatsApp Lamlungu lisanafike: tinagamula chakuti, buku likuti chakuti, kuyambira tsopano titsata chakuti. Mukhozanso kusunga chigamulo chanucho ngati gulu lachikonda. Ngakhale chikalata cha Sage Advice Compendium, mmene Wizards of the Coast, eni ake a masewerowa, amayankhamo mafunso a malamulo, chimasiyanitsa zimene zinalembedwa, zimene olemba ankafuna kunena, ndi zimene zikusangalatsa gulu, ndipo chimasiyira GM kusankha. Chofunika n'chakuti sabata yamawa nkhani yomweyo igamulidwe chimodzimodzi, kaya yagwera wosewera kaya yagwera chilombo.

Pamene pofunika kubweza ndi pamodzi: mtengambali akafa kapena kutaya chinthu chosabwereranso chifukwa cha chigamulo chosemphana ndi buku. Ngakhale apo simufunika kubwereza nkhondo yonse. Nenani kuti sanafe, anakomoka ali stable pa HP 0, ndipo malamulo amati wotero amadzuka ndi HP imodzi pakatha maola 1d4.

Lamulo la pakhomo muziliyesa kwa masewero atatu, limodzi lokha pa nthawi, chifukwa mukasintha awiri pamodzi simudziwa lomwe laononga. Lilembedwe m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba loyamba la kope lija, ndi deti. Musanaliyambe dutsani pa pepala la mtengambali aliyense, mufunse kuti lamuloli likumupatsa chiyani, likumulanda chiyani. Mwachitsanzo flanking, imene ndi yosankha mu Dungeon Master's Guide, imapereka advantage kwa awiri ozinga mdani mbali ziwiri. Imaoneka yabwino, koma imatsitsa mtengo wa njira zina zonse zopezera advantage, monga kugwetsa mdani pansi kapena Guiding Bolt ya cleric. N'chifukwa chake magulu ena amaisandutsa +2.

Mukalichotsa, aliyense amene anasankha feat (luso lapadera), spell kapena chida chifukwa cha lamulolo aloledwe kusankhanso popanda kulipira kanthu m'nkhani. Ndipo poti mukuchoka pa madayisi atatu kupita pa 1 mpaka 20, muwachenjezeretu rogue ndi cleric: zinthu za DC 10 zimene anazolowera kuti sizilephereka, wa +5 ayamba kuzilephera kamodzi pa kasanu.